Mwala wa M'malire ndi Mboni Zake

Munthu woyenda m'minda ya ku Bowe m'nyengo ya chilimwe, pamene mapesi agwa ndipo mapiri a Dowa ndi Ntchisi aonekera mwachizimezime mu utsi, akakhala wopenyetsetsa adzaona pangodya ya esiteti ya fodya kapena ya malo a mishoni kachitsulo kozikidwa m'simenti, kamene anthu amakatcha bikoni. Ndipo ngakhale kali kochepa kotero kuti mbuzi ikhoza kukaponda osadziwa, pa iko patsamira mtendere wa mbumba ziwiri. Koma khasu limakakumba, ngolo imakathyola, madzi a mvula amakakwirira, ndiponso pali dzanja loyenda usiku. Funso limene landivuta masiku ambiri ndi ili: chizindikiro chikatayika, kodi choonadi chimene chinali kuchitira umboni chatayika nacho pamodzi?

Oyeza malo ali nalo yankho lao, ndipo ndi yankho la anthu odziwa kuti za pansi pano sizikhalitsa. Tsiku lomwelo lozika bikoni amayamba kukonzekera kutayika kwake: amayeza mtunda ndi mbali kuchokera pa iyo kufika pa zinthu ziwiri kapena zitatu zosasunthika msanga, monga thanthwe, ngodya ya nyumba ya njerwa, bikoni inzake, kapena nsanamira ya simenti yoimikidwa pamwamba pa phiri, nalemba zonsezo m'mabuku osungidwa ndi boma. Wobwera pambuyo pake, zitapita zaka makumi atatu, sayamba ndi kuzika chitsulo chatsopano. Ayamba watambasula miyeso kuchokera pa zinthu zosasunthika zija, zimene ndizo mboni zake, kufikira pamene ikomana, ndipo pamenepo akumba pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kufunafuna nyenyeswa za simenti, dzimbiri, kapena dothi losiyana maonekedwe losonyeza dzenje lakale. Ngakhale atanyamula makina a GPS oposa tcheni cha woyamba uja, mwambo wa ntchito yake umlamula kutsata mapazi a mnzakeyo, osati kumuwongola. Malire ali pamene anazikidwa, si pamene wanzeru wa lero aona kuti pakadayenera.

Ndimazizwa kuti chilamulo cha Mose chinayala zinthu ziwirizi, malire ndi mboni, moyandikana. M'buku la Deuteronomo, mutu 19, ndime 14 iletsa kusuntha malire a mnansi amene akale anaika, ndipo ndime yotsatira pomwepo ikana kuti mlandu utsimikizike pakamwa pa mboni imodzi, koma ziwiri kapena zitatu. Yakobo ndi Labani, posiyana, anaunjika miyala kuti ikhale mboni pakati pao. Komabe sanakhulupirire miyala yokha, anaitana abale ao, nadya pamodzi, nalumbira pamaso pa Mulungu. Momwemonso makolo athu, amene sanadziwe simenti, pogawa munda ankaloza chulu, khwawa, mkuyu, nabzala nkhadze kapena khonje, nyakwawa ndi eni mbumba ali pomwepo akuona. Mwala paokha ulibe pakamwa. Choonadi chikhala m'kugwirizana kwa mboni zambiri zosapangana, ndipo wofuna kunama ayenera kusuntha thanthwe, kuzula mkuyu, kufafaniza buku, ndi kutseka pakamwa pa nkhalamba, zonsezo usiku umodzi.

Koma pano mtima wanga sukhala pansi. Nanga ngati mwala woyambawo unazikidwa mosalungama? M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anapatsa Azungu zikalata zotsimikiza kuti malo aakulu ndi ao, ndipo malire ake anasungidwa mokhulupirika pamene eni nthaka anasanduka ogwira thangata; m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti a fodya anachuluka m'chigawo chathu chino, ena a iwo pa minda imene midzi inkalima. Woyeza malo wokhulupirika akhoza kupeza bikoni yotere osaphonya ndi chala chomwe, nakhala atapeza molondola malo a chosalungama. Ahabu akadaitana woyeza malo atalanda munda wamphesa wa Naboti, miyeso ikadakhoza ndithu, koma Eliya sanabwere ndi tcheni. Ndiye ndiona kuti pansi pa malire oyamba a m'buku pali ena akale koposa, amene Levitiko 25 awakumbutsa ponena kuti dziko ndi la Mulungu ndipo ife tili alendo m'menemo. Ndipo mlandu wa malire amenewo suola, ngakhale kuuweruza si kwa woyeza malo koma kwa mafumu, makhoti ndi chikumbumtima cha wokhala m'kati mwa mpanda.

Lamulo la malo a makolo la 2016 latsegula njira yakuti minda ya m'midzi ilembedwe m'kaundula, ndipo oyeza malo adzafika ndi makina ao ngakhale kumene sanafikeko ndi kale lomwe. Tsiku limenelo iwo ndiwo adzakhala oyamba, amene obwera m'mbuyo adzatsata mapazi ao osafunsa. Chifukwa chake ndipempha kuti asanathire simenti adikire kufikira gogo wa m'mudzimo atafika ndi ndodo yake, naloza pamene panali mkuyu umene unadulidwa chaka chomanga chigafa, adzukulu a mbali zonse ziwiri ataimirira pomwepo.