Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere

Nkhuyu ikapsa imafiira mokopa, koma munthu wodziwa amayamba waing'amba asanaiponye m'kamwa, poti m'kati mwake mumabisala tizilombo. Akuluakulu akatchula mwambiwu amakhala akutichenjeza kuti maso amathera pakhungu la chinthu. Kathyali amadziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake amatchena ndi kulankhula mothyakula.

Ku France, katswiri wojambula zithunzi zoseketsa, Honoré Daumier, anatha zaka zambiri akung'amba nkhuyu zoterezi. Mu 1832 anamulamula kukhala m'ndende miyezi 6 chifukwa chojambula monyoza Mfumu Louis-Philippe. Boma litakhwimitsa malamulo a zofalitsa nkhani mu 1835, iye anatembenukira kwa akathyali a mumzinda wa Paris. Kuyambira 1836 mpaka 1838, nyuzipepala ya Le Charivari inasindikiza zithunzi zake zokwana 100 za Robert Macaire, tambwali amene anatchuka m'sewero la mu 1823. Mawu apansi pa zithunzizo ankalemba ndi Charles Philipon.

Macaire sasowa nkhope yatsopano. Lero ndi mwini banki, mawa ndi dokotala, mkuja ndi loya. Wavala chipewa chachitali, watukumula mimba, akugulitsa masheya a kampani yongopeka, uku mnzake Bertrand, wowonda ndi wansanza, akumuthandiza kukopa anthu. Pena amasanduka wolumikiza maukwati, n'kumaonetsa mwamuna akazi amene akuti ali ndi chuma chamwanaalirenji. M'nyuzipepala yomweyo, Paul Gavarni ankajambula chinyengo cha m'chikondi: mkazi akuseka ndi mwamuna wake, mtima uli kwa wina.

Chimene chimandikhudza pa zithunzizi ndi anthu oberedwawo. Palibe amene anawagwira pakhosi. Anapereka okha ndalama zawo, wina pofuna kulemera msanga, wina pofuna banja lachuma, wina pongolakalaka kukondedwa. Dyera ndi kusungulumwa zimatseka maso, ndipo wachinyengo amadikira nthawi imeneyo.

Mwambiwu sukutiletsa kukonda zokongola kapena kukhulupirira anzathu. Ukutiuza kuti tisamafulumire kumeza. Wina akakulonjezani phindu lalikulu popanda thukuta, kapena ukwati musanadziwe kwawo, funsani, onani mapepala, tumani ankhoswe akafufuze. Munthu wachilungamo sakwiya ndi mafunso, ndipo amalola kudikira. Amene akukukakamizani kuti mupereke lero lomwe ali ndi chimene akuopa kuti mungachitulukire mawa.