Ichi chakoma, ichi chakoma

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Akuluakulu ankanena za pusi amene anasirira chipatso cha nthambi iliyonse mpaka anaphonya zonse. Mwambiwu ukumukhudza mwana wa ku Mitundu kapena ku Nathenje amene wasankhidwa kupita ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba kukaphunzira psychology, maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu.

Poyamba zonse zimakoma: za kakulidwe ka ana, za anthu pa ntchito, za uphungu, za kafukufuku. Kulawa n'koyenera. Koma zaka 4 sizichedwa kutha, ndipo digiri yoyamba payokha siikwanira kuti munthu akhale katswiri wothandiza odwala matenda a maganizo. Pamafunika maphunziro ena apamwamba. Wofuna njira imeneyo agwire nthambi yake msanga, ndipo pa tchuthi azikafunsa nzeru kumalo othandiza odwala matenda a maganizo ngati St John of God ku Lilongwe.

Ine mtima wanga uli pa uphungu. Kuno mlimi fodya wake akagulidwa motchipa ku Kanengo, ngongole ya feteleza itamufika m'khosi, amangodzisungira m'mimba, ena mpaka kudzikhweza. Ku Bunda, pafupi pomwepa, ana athu amaphunzira za nthaka ndi ziweto, koma za nkhawa za mlimiyo ophunzira ake ndi ochepa. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ndipo bambo wa ku Nathenje sangakwere basi kupita kumeneko chifukwa choti tulo tamusowa. Akufunika phungu womvetsera Chichewa chake, wopezeka pa chipatala chapafupi.