Mtsutso: Mkono wa Mnyamata Kapena Chikho cha Chaka Chino?

Wapampando: Mutu wathu wachokera ku America, m'masewero a baseball. Mu Seputembala 2012, timu ya Washington Nationals ili pafupi kulowa m'mipikisano ya chikho, bwana wake a Mike Rizzo analamula kuti Stephen Strasburg, woponya mpira wazaka 24, asaponyenso chaka chimenecho. Mnyamatayu anali atachitidwa opaleshoni ya m'chigongono mu 2010. Ochemerera amakanganabe mpaka lero akamakamba za oponya achinyamata. Kodi timu isunge mkono poganizira zamawa, kapena iugwiritse ntchito chikho chikayandikira?

Wovomereza: Zikomo a Wapampando. Ine ndikuti a Rizzo anachita zaumunthu. Mkono wa munthu sunalengedwe kuti uziponya mpira pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola, kambirimbiri pamasewero amodzi. Strasburg anali ataponya kale ma inning (zigawo za masewero) 159 ndi mkono wosokedwa. Mnyamata ukamufunsa ngati akumva kupweteka, amayankha kuti ali bwino, chifukwa akuopa kutchedwa wamantha kapena kulandidwa malo. Choncho wamkulu ndiye ayenera kumukanira.

Wotsutsa: A Wapampando, anzangawa aiwala kuti timu si munthu mmodzi. Chaka chimenecho Nationals inapambana masewero 98, kuposa timu ina iliyonse. Mzinda wa Washington unali usanaone mipikisano ya chikho kuyambira 1933. Nanga chinachitika n'chiyani? St. Louis Cardinals inawatulutsa pa ndime yoyamba, ndipo m'masewero omaliza Nationals inataya chitsogozo cha 6 kwa 0. Osewera ena anali atakula, mwayi wotere sakanauonanso. Thukuta lawo silinali la mtengo? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Wovomereza: Fodyayo mphepo sinamutenge, achimwene. Mu 2019 Nationals inagonjetsa Houston Astros n'kutenga chikho cha World Series, ndipo amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse anali Strasburg yemweyo. Tsono taonani Matt Harvey wa New York Mets. Mu 2015, atangochira opaleshoni yomweyi, ochemerera anamukalipira pamene zinamveka kuti angapume. Anaponya ma inning 216, chikho chinapita ku Kansas City Royals, ndipo chaka chotsatira anachitidwa opaleshoni ina ya cha paphewa. Mphamvu zake sizinabwererenso. Amene ankakuwa aja anangoyamba kuchemerera wina.

Wotsutsa: Musathamange. Vuto la paphewa lomwe linagwira Harvey linadzagwiranso Strasburg, amene munamusunga ngati dzira. Atasaina mgwirizano wa zaka 7 wa madola 245 miliyoni, anangoponya ma inning 31 okha mpaka kusiya masewero mu 2024. Nambala yotsimikizika yoteteza mkono palibe. Ndipo tisanamizane kuti chinali chifundo chokha. Wosewera watsopano amakhala m'manja mwa timu zaka 6 asanaloledwe kusankha kopita. Timu ikamusunga, ikusunga katundu wake.

Wovomereza: Ngakhale timu ipindule, mkonowo ndi wa mnyamata, ndipo adzadyera womwewo. Chabwino sichisanduka choipa chifukwa wochichita wapezapo phindu.

Wotsutsa: Ndiye bwanji sanamufunse mwini mkono? Strasburg sanabise kuti sanakondwe nacho chiganizocho. Komanso njira ina inalipo. Atlanta Braves inali ndi Kris Medlen, wochira opaleshoni yomweyo. Mu 2012 momwemo anamuyambitsa pang'onopang'ono, kuponya zigawo zochepa, n'kudzamupatsa udindo wonse kumapeto kwa Julayi. Nthawi ya chikho itakwana, iye anali m'bwalo.

Wovomereza: Mwasiya mchira wa nkhaniyo. Mu 2014 chigongono cha Medlen chinadukanso, nabwerera kumpeni. Komabe ndivomereze chimodzi: Nationals inadziwa malire a ma inning a Strasburg chaka chisanayambe, ndipo ikanatha kugawa ntchito ya mnyamatayo mwanzeru.

Wotsutsa: Nanenso ndivomereze kuti phokoso la ochemerera si dokotala. Ife timagula tikiti, koma wogona pa tebulo la opaleshoni ndi wina.

Wapampando: Mbali zonse zagwirizana pa mfundo ziwiri. Malire a woponya wachinyamata aikidwe ndi madokotala nyengo isanayambe, mwini wake ali pomwepo, ndipo ntchito yake igawidwe poyembekezera kuti timu ingafike pa chikho. Chomwe sanagwirizane n'chakuti mnyamata akati ndiponya, dokotala n'kuti ayi, mawu omaliza akhale a yani. Omvera, musanaimike manja, ganizirani mnyamata amene mukumulemba pa mndandanda wa timu yanu ya chaka chamawa, ndipo muvote ngati ndi mwana wanu.