Masamba Oyamba a Mlambe

LACHITATU

Werengani: Marko 4:26-29, Mateyu 13:24-30, Machitidwe 15:36-40.

Vesi Loloweza: Marko 4:28.

Tonsefe timaudziwa mlambe. M'chigwa cha Shire ndiponso m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Salima, mtengo umenewu umaonekera patali chifukwa cha thunthu lake lalikulu. Tsamba lake ndi logawikana ngati zala za dzanja, kawirikawiri timasamba 5 kufikira 7 pa phesi limodzi. Koma ndi angati mwa ife amene angauzindikire mlambe ukadali mmera?

Njere ya mlambe ikamera, pamayamba kutuluka timasamba tiwiri tochokera m'njere momwemo. Masamba otsatira amakhala athunthu, osagawikana konse. Pakapita nthawi ndi pamene pamaoneka masamba a zala ziwiri kapena zitatu, kufikira atakwana monga a mtengo waukulu. M'nyengo imeneyi ntchito yaikulu imachitika pansi pa nthaka, pamene muzu ukufufuma ndi kusunga madzi ndi chakudya chodzapirira nacho chilimwe. Wopalira wosadziwa zimenezi akhoza kuudula ndi khasu pamodzi ndi udzu, osazindikira kuti wapha mtengo umene ukadatha kukhala zaka zoposa 1,000.

Kodi Yesu adatchula magawo angati a kukula kwa mbewu pa Marko 4:28? Nanga ndi gawo liti limene mlimi angathe kulifulumizitsa?

Ambuye adaphunzitsa kuti mmera ndiwo umayamba, ngala zitsatira, ndipo maso okhwima amadza potsiriza. Gawo lililonse ndi lokwanira pa nthawi yake. Chomwechonso wokhulupirira amene wangotuluka m'madzi a ubatizo. Mwina sadziwa kutsegula buku la Danieli, pemphero lake ndi lachibwibwi, ndipo Lachisanu dzuwa limamlowera asanamalize kukonzekera Sabata. Ife amene takhalitsa mumpingo tikamuyesa ndi muyeso wa mkulu wa mpingo, tidzati si mlambe. Mau amodzi aukali pakhomo pa tchalitchi akwanira kumbweza kumene adachokera, ndipo mzimu wake udzafunsidwa kwa ife.

Chifukwa ninji mwini munda adaletsa antchito ake kuzula namsongole? Mateyu 13:29.

Antchito aja sadalakwe poona kuti mdani adafesa choipa m'munda. Chimene mwini munda adaopa ndi manja awo, pakuti pozula namsongole akadazula ndi tirigu yemwe. Mbewu ziwirizi zimafanana zikali zanthete, ndipo zimasiyanitsika bwino ngala zikatuluka. Phunziro ili silichotsa mwambo wa mpingo pa tchimo loonekera, pakuti Mateyu 18:15-17 atipatsa njira yake. Chimene litiletsa ndicho kuweruza mtima wa munthu poona masamba ake oyamba.

Taganizirani za Yohane Marko. Pa ulendo woyamba wa Paulo ndi Barnaba, mnyamatayu adawasiya ku Perga nabwerera ku Yerusalemu (Machitidwe 13:13). Pokonza ulendo wachiwiri Paulo adakana kumtenga, ndipo kusiyana maganizo kudakula kufikira atumiki awiriwo adapatukana. Barnaba adamtenga Marko napita naye ku Kupro. Patapita zaka, Paulo yemweyo ali m'ndende adalembera Timoteo kuti abwere naye Marko, popeza adali wothandiza pa utumiki (2 Timoteo 4:11). Paulo adaona tsamba losafanana ndi la mtumiki. Barnaba adayembekeza kufikira muzu utakhazikika.

Tingauzindikire bwanji mmera wa Mulungu? Wodziwa mitengo amayang'ana pamene mmera wamera, ngati pafupi pali mlambe wogwetsa malambe, ndipo amabwerako kawirikawiri kudzaona masamba atsopano. Ifenso tiyang'ane ngati munthu ali ndi njala ya Mau a Mulungu, ngati amva chisoni akachimwa, ndiponso ngati abwerera kwa Yesu atagwa. Zimenezi sizioneka kwa munthu amene timangompatsa moni pa Sabata. Zifuna kuti timuyendere kwawo ndi kupemphera naye.

ZOTI TIKAMBIRANE M'KALASI:

1. Mwa amene adabatizidwa mumpingo wathu chaka chatha, ndi angati amene tikali nawo? Amene sakuonekanso, ndani adapita kukawaona?

2. Ndani adakhala Barnaba wathu pamene tinali mmera? Nanga ife tidzayendera yani lisanafike Sabata likudzali?