Dzina lomwe ndinalipeza pa kolala ya jekete yanga



Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, yemwe anativeka tisanadziwe n'komwe kupempha. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

June wafika. Ife tili kuno ku Zomba tikudziwa kuti chiperoni chikatsika m'phirimu, madzi a udhu amaluma ngati ali ndi mano. A ku Dedza, ku Mzuzu ndi ku Thyolo musachite kutiuza, tikumva nanu. Nyengo imeneyi ikafika, pa WhatsApp pamadzaza majekete, majuzi ndi mabuti, aliyense akuonetsa zomwe watola pa kaunjika. Inenso ndili m'gulu lomwelo, sindibisa. Ndimakonda kutchena, ndipo thumba la mwana wa sukulu limandilola kutchenera pa kaunjika basi.

Loweruka lapitali ndinalawirira kumsika chifukwa mnyamata yemwe ndimamugula anandiuza kuti atsegula belo la majekete. Amene mumagula kaunjika mukudziwa kuti belo likangotsegulidwa, zabwino sizichedwa, wofika mochedwa amapeza zotsala. Ndinapisa dzanja pansi pa mulu ndipo ndinasolola jekete ya jinzi yaubweya mkati, yolemera bwino, mabatani ake achitsulo, mtundu uja wakale womwe masiku ano tikuutcha vintage. Mnyamata uja anati, "Shehe, imeneyo mukangoiika pansi yapita." Tinanenerera mpaka tinagwirizana. Ndinabwerera ku Chikanda mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kale za chithunzi chomwe ndikajambulitse.

Pofuna kuichapa, ndinatembenuza kolala. Mkati mwake munali dzina la munthu, lolembedwa ndi cholembera, inki yake itasuluka. M'thumba lamkati munali katiketi ka basi, m'chilankhulo chomwe sindinathe kuwerenga.

Ndinakhala kaye pa bedi. Munthu ameneyu tsiku lina anaisankha jekete imeneyi m'sitolo, anadziyang'ana pagalasi ngati momwe ndinachitira ine, mpaka analembapo dzina lake kuti aliyense adziwe kuti ndi yake. Lero ali kuti? Mwina ananenepa, mwina inangomutopetsa, mwinanso ali m'manda ndipo abale ake ndi omwe anatulutsa zovala zake. Chomwe ndikudziwa ndi chimodzi: dzina linatsala pa kolala, koma umwini unamuchoka. Jekete inadutsa m'manja mwa osankha, inafinyidwa m'belo, inawoloka nyanja, inatsitsidwa pa doko ngati la Beira kapena Nacala, inakwera thiraki, mpaka inafika pa phewa la mwana wa Chisilamu ku Zomba. Rizq yanga inalembedwa dzina la munthu wina. Subhanallah.

Ndiye ine ndikamati "jekete yanga", ndikunena zoona mpaka liti?

Abale anga, musandimve molakwa. Chisilamu sichidana ndi kuoneka bwino. Mu Surat Al-A'raf ndime 26, Allah akutikumbutsa kuti chovala ndi mphatso yochokera kwa Iye, ndipo akutchula ntchito zake ziwiri, kubisa maliseche ndi kukongoletsa, kenako akutiuza za chovala chachitatu choposa zonse, chomwe ndi taqwa. Pa ndime 31 ya Surah yomweyo tikulamulidwa kuvala bwino popita kukaswali, ndipo pomwepo tikuchenjezedwa za israaf, kupyola muyeso. Ngakhale kufunda kumene tikukufuna mu June kukutchulidwa mu Surat An-Nahl ndime 5, pakati pa zabwino zomwe timapeza kuchokera ku ziweto. Juzi yaubweya yomwe mwavalayo ndi ni'ma yotchulidwa mu Qur'an.

Mu Sahih Muslim muli hadith yomwe anailandira Abdullah ibn Mas'ud (Radhiyallahu anhu). Mtumiki (Swallallahu alaihi wasallam) atachenjeza kuti kudzikweza, ngakhale kochepetsetsa, kumamutsekera munthu khomo la Jannah, munthu wina anada nkhawa chifukwa ankakonda chovala chabwino ndi nsapato zabwino. Mtumiki anamukhazika mtima pansi pomuuza kuti kukongola Allah amakukonda, ndipo anamufotokozera kuti kibr ndi kukana choonadi ndi kunyoza anthu. Choncho vuto si jekete ayi. Vuto ndi zomwe jekete ikuchita mumtima mwako ukamayang'ana mnzako yemwe alibe.

Ndipo pa kaunjika pamabadwa matenda awiri a mtima omwe ndawaona pa ine ndemwe.

Oyamba ndi manyazi. Wina akafunsa kuti wagula kuti, timayankha kuti anatitumizira achimwene a ku Joni, pomwe tinachita kupalasa tokha pamulu. Tikunama chifukwa cha chovala, ngati kuti rizq ya halaal ndi yochititsa manyazi. Achiwiri ndi atsopano, abwera ndi mafoniwa: kunyada kuti ine ndili ndi diso, ndimadziwa zenizeni, enawa amangovala zilizonse. Munthu ungathe kudzikweza ndi chovala chomwe wagula motchipa ngati momwe wina amadzikwezera ndi cha m'sitolo yodula. Mu mabuku a Abu Dawud ndi Ibn Majah muli chenjezo kwa amene amavala ndi cholinga chofuna kutchuka, kuti pa tsiku la Qiyamah adzavekedwa kunyozeka. Ma ulama anafotokoza kuti chenjezoli silikhudza zodula zokha. Limakhudzanso munthu wovala zachilendo kapena zakutha mwadala kuti anthu azimuloza chala. Funso ndi la niyyah: ndavalira ndani?

Tikadali pamsika pomwepo, pali zinthu zingapo zomwe Msilamu sayenera kuziiwala dzanja likamapisa m'mulu. Chiyambi cha chovala ndi twahara pokhapokha ukaona najisi, komabe chapa usanavale, ndi ukhondo. Werenga zomwe zalembedwa pa juzi usanalipire. Ena a ife taimapo pa swaf kumsana kuli dzina la mowa kapena mawu otukwana m'chilankhulo chomwe sitikuchidziwa. Pa nsapato ndi majekete achikopa yang'ana mkati: chikopa cha nkhumba chimadziwika ndi timabowo tating'ono tokhala titatutitatu, ndipo mu madhhab a Imam Shafi'i sichiyera ngakhale atachifufuta. Amuna tikumbuke kuti silika ndi woletsedwa kwa ife. Ndipo kwa tonse, abale ndi alongo, chovala chikakhala chothina kapena choonekera mkati, kutchipa kwake sikukusandutsa kukhala sitara.

Ambiri a ife timagulitsanso. Timaoda pamsika, kuchapa, kusita, kujambula ndi kuika pa Facebook kuti tipeze ya lendi ndi ya ndiwo. Ndi bizinesi yabwino, makamaka pomwe zinthu zinakwera mitengo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Koma kumbukirani zomwe zinachitika pa msika wa ku Madinah. Mtumiki (Swallallahu alaihi wasallam) anadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, anapisamo dzanja ndipo anapeza kuti pansi pake n'ponyowa. Anamufunsa mwini wake chifukwa chomwe sanaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo anadzipatula kwa aliyense wochita chinyengo. Unali mulu, abale anga, ngati wathu womwewu wa kaunjika. Ngati juzi ili ndi bowo kukhwapa, lijambulenso bowolo. Ngati zipi imavuta, nena.

Tsopano ndifike pa zomwe zandipangitsa kulemba.

Lolemba ndinavala jekete ija popita ku Fajr. Panjira ya kumzikiti pali bambo ena achikulire omwe amalondera mashopu. Ndimawapeza akuotha moto wa makatoni, ndipo adhana ikamveka amabwera kudzaswali nafe. Tsiku limenelo anaima pambali panga pa swaf atavala malaya opyapyala, ndipo phewa lawo litakhudza langa ndinamva kuti akunjenjemera. Titamaliza anandigwira dzanja nati, "Mwanangu, jeketeyi yakukhalatu, Masha Allah." Sanapemphe kanthu. Anangoyamikira ndi mtima woyera, n'kubwerera ku moto wawo.

Nditafika kuchipinda ndinawerenga zomwe ndili nazo: majekete anayi, majuzi atatu. Thupi limodzi. Ndinaganiza zowapatsa imodzi, ndipo mukudziwa yomwe dzanja langa linathamangira? Juzi yakale yong'ambika pachigongono, yomwe ineyo sindingavale ngakhale popita kukataya zinyalala. Ndinali nditaiika kale m'jumbo, ndikudziona ngati munthu wabwino, pomwe ndinakumbukira phunziro la ku madrasa pa Surat Al-Baqarah ndime 267. Ustaz wathu anatifotokozera kuti ma Ansar ankabweretsa mikoko ya tende n'kuipachika mu mzikiti kuti adye osauka a pa Suffah, ndipo ena ankabweretsa tende woipa. Ndimeyi inatsika kuletsa kusankha choipa popereka, chinthu chomwe iwe mwini sungachilandire pokhapokha utatsinzina. Ndinayang'ana juzi ija ndipo ndinadzifunsa: atandipatsa munthu, ndingailandire maso ali otsegula? Ndinachita manyazi. Zomwe ndimazitcha sadaka kunali kusesa m'chipinda.

Zomwe ndinachita pambuyo pake zikhale pakati pa ine ndi Allah. Ndakuuzani mbali yochititsa manyaziyi chifukwa ndikukhulupirira kuti sindili ndekha.

Ngati pali swahaba yemwe achinyamata okonda kutchena tiyenera kumudziwa, ndi Mus'ab ibn Umair (Radhiyallahu anhu). Ku Makkah ankadziwika ngati mnyamata wovala bwino ndi wonunkhira kuposa anzake, mayi ake anali olemera ndipo ankamuveka zapamwamba. Atalowa Chisilamu zonsezo anamulanda. Ndi iyeyo yemwe Mtumiki anamutumiza ku Madinah kukaphunzitsa anthu Qur'an Hijrah isanachitike. Pa nkhondo ya Uhud, m'chaka chachitatu cha Hijrah, chomwe ndi 625, anaphedwa atanyamula mbendera ya Asilamu. Khabbab ibn al-Aratt akusimba kuti sanapeze chomukulungira koma kansalu kamodzi kakafupi. Akaphimba mutu miyendo imaonekera, akaphimba miyendo mutu umaonekera. Mtumiki analamula kuti aphimbe mutu, ndipo kumiyendo aikeko udzu wotchedwa idhkhir. Mnyamata yemwe Makkah yonse inkamucheukira anaikidwa m'manda nsalu itamuperewera. Patapita zaka, Abdurrahman ibn Awf, mmodzi mwa maswahaba olemera, atamubweretsera chakudya ali pa swaumu anakumbukira nsanda ya Mus'ab, analira mpaka chakudyacho anachisiya.

Nayenso Abu Bakr (Radhiyallahu anhu), Khalifa woyamba, ali pafupi kumwalira anauza mwana wake Aisha kuti achape chovala chomwe anadwalira nacho, awonjezerepo nsalu ziwiri, ndipo zimenezo zikhale nsanda yake. Aisha atadandaula kuti n'chakutha, anamuyankha kuti chatsopano akuchifuna kwambiri ndi munthu wamoyo. Mtsogoleri wa Asilamu onse anasankha nsanda yovalidwapo kale kuti nsalu yatsopano itsalire amoyo. Ife tikusunga majekete anayi m'sutikesi pomwe wamoyo akunjenjemera pambali pathu pa swaf.

Abale ndi alongo, zovala zonse zomwe tili nazo zidzakhala kaunjika tsiku lina. Tikadzangotsika m'manda, azibale adzatsegula sutikesi n'kuyamba kugawana, uyu jekete, uyu nsapato, uyu mpango. Kugawa kumeneko kudzachitika ndithu, tifune tisafune. Kusiyana kwake n'kwakuti zikadzagawidwa titapita, idzakhala mirath ya ena, pomwe tikagawa lero ndi manja athu, Insha Allah zilembedwa m'buku lathu. Mwini wa dzina la pa kolala uja jekete inamuchoka. Inenso idzandichoka. Chomwe ndingasankhe ndi njira yomwe ichokere.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Usiku uno tsegula sutikesi kapena kabati yako, uwerenge zofunda zomwe uli nazo. Siya zomwe ukuzivaladi. Pa zotsalazo sankha chimodzi chomwe ukuchikondabe, chomwe mtima ukuti "koma ichi ayi". Chichape, uchisite, uchipinde bwino. Sufunika kupita kutali kuti upeze mwini wake watsopano: mlonda wa pa hostel, mayi wogulitsa mandasi m'bandakucha, mwana wa ku madrasa yemwe amabwera atapinda manja m'khwapa, mnzako wa m'kalasi yemwe amati samva kuzizira pomwe milomo yake yauma. Mpatse mwaulemu, pambali, ngati mphatso ya pakati pa abale. Foni ikhale m'thumba. Ndipo asakhale Msilamu yekha, kuzizira sikufunsa chipembedzo, ndipo neba ali ndi haki yake pa ife.

Ukapitanso ku kaunjika, pita, sankha yokukhala, nenerera, tchena. Ukamaivala nena Alhamdulillah ndipo ukumbuke kuti wabwereka.

Allah atikhululukire pa zomwe tapyola muyeso. Atipatse rizq ya halaal ndi mitima yokhutira. Awafunditse onse omwe akugona panja ndi omwe akugwira ntchito usiku m'nyengo ino. Atibisire zolakwa zathu pa dziko lino ndi pa tsiku lomwe anthu adzaukitsidwe opanda chovala, ndipo ativeke chovala cha taqwa. Ameen.

Chabwino chomwe chili m'mawuwa chachokera kwa Allah, cholakwika ndi changa. Mundikumbukire m'ma dua anu.