Kodi Mtsogoleri Aziganiza M'malo mwa Anthu Ake?

Amayi anzanga, ife amene tinapatsidwa udindo m'magulu athu, tiyeni tisinkhesinkhe funso ili: kodi ndi bwino kuti mtsogoleri aziganiza m'malo mwa anthu ake?

Ambiri a ife tinakulira m'ngodya zinayi za Dr. Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. M'maesiteti a fodya namonso, tenanti ankangodikira mawu a kapitawo. Mlimi wamng'ono sankaloledwa n'komwe kulima fodya wa bale mpaka 1990. Chilolezo chitabwera, alimi anakhazikitsa makalabu, ndipo anthu ozolowera kuuzidwa zochita anayenera kudzisankhira okha kukula kwa ngongole ya feteleza, tsiku lowokera ndi kasankhidwe ka masamba.

Kumvera si tchimo ayi, ndipo kulakwitsa kumapweteka. Mayi akasakaniza masamba osiyana mu belo limodzi, ku msika wa Chinkhoma belolo limabwezedwa kapena kugulidwa motchipa, fizi ya ana n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake wapampando wachifundo amafulumira kunena kuti, "Siyani, ndichita ndine."

Koma chifundo chotere chimamulanda munthu mphatso yake. Tsiku limene wapampandoyo wadwala kapena wapita kumaliro, ntchito ya m'chigafa imaima. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nzeru yongouzidwa ndi fodya wapachala.

Nanga titani? Mayi akabwera ndi tsamba kudzafunsa, tisathamangire kuyankha. Timufunse kuti, "Inuyo mukuliona bwanji?" ndipo tidekhe kufikira atayankha. Ayambe ndi mtolo umodzi, pamene kulakwitsa sikungagwetse banja, kenaka belo lathunthu. Akaphonya, timuwongolere pambali, osati pagulu. Akabwera ndi maganizo achilendo, timumve kaye. Kumbukirani William Kamkwamba wa kwa Wimbe: mu 2002, ali ndi zaka 14, anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi atawerenga buku la mu laibulale, pamene ena ankamuyesa wamisala.

Njira imeneyi imatenga nthawi, ndipo imafuna kudzichepetsa, pakuti tsiku lina wophunzirayo adzatiposa. Pa msonkhano wotsatira, amayi, wapampando ayese kulankhula pomalizira, mlembi ndi msungichuma achitenso chimodzimodzi, kuti timve mawu a mayi uja amene amangokhala chete kumbuyo.