INJINI IMENE INALI YAMOYO

Mau a mwezi wa April. Werengani Luka 13:1-5 ndi Mateyu 5:29, 30.

Kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, pambali pa mseu waukuru wonka ku Kabwe, pafupi ndi bwalo la Independence Stadium, pali manda a anthu 30 oikidwa pamodzi. Anthu a ku Matero awadziwa bwino, pakuti ali pafupi ndi kwao. Ndipo ambiri a inu amene muli ndi ana ku Kanyama, ku George kapena ku Chawama mudamva mbiri yace. M'mandamo mugona anthu amene anafera m'nyanja ya mcere usiku wa pa 27 April 1993.

Iwo anali anyamata osewera mpira m'dzina la dziko la Zambia, pamodzi ndi aphunzitsi ao, Godfrey Chitalu ndi Alex Chola, ndi akuru ena, ndi oyendetsa ndege. Analinkunka ku Dakar, m'dziko la Senegal. Sanakwere ndege ya apaulendo iai, koma ya asilikari, yochedwa Buffalo, yopangidwa ku Canada kuti izinyamula katundu ndi ankhondo. Ndipo inali itagwira nchito kuyambira 1975. Popeza ulendo unali wautali, inayenera kutera ku Brazzaville, ku Libreville ndi ku Abidjan kukathira mafuta. Pa Brazzaville anaona bvuto m'injini, koma ulendo unapitirira. Itanyamuka pa Libreville, m'dziko la Gabon, sipanapite nthawi, injini ya kumanzere inagwira moto nileka kukoka. Ndegeyo inagwa m'madzi, mamita ngati 500 kucokera kugombe, ndipo sanapulumuke munthu ndi mmodzi yemwe.

Osewera mpira amene anafa anali 18. Wowerenga Luka 13 adzapeza ciwerengero comweco, pakuti nsanja ya ku Siloamu, pakugwa, inapha anthu 18. Ambuye Yesu anadziwa cimene anthu amanong'onezana pa maliro otere, kuti kapena akufawo anali ocimwa koposa anzao. Ndipo anakana ndithu. Cotero nafenso tisanene kuti Mulungu analanga anyamata aja, kapena kuti wina anawalodza. Masiku amenewo mphekesera zinawanda, ena nati ndege inaomberedwa. Koma Ambuye sanatilole kufufuza zocimwa za akufa. Anatembenuza nkhani, naiika pa ife amoyo.

Zitapita zaka 10, m'caka ca 2003, Boma la Gabon linatulutsa zimene ofufuza ace anapeza. Ndipo pano mverani bwino. Ndege yotere iri ndi injini ziwiri, imodzi pa phiko lamanzere, ina pa phiko lamanja, ndipo amaipanga kuti imodzi ikafa, inzace ikhoze kuisunga m'mwamba kufikira itatera. Woyendetsa amaphunzitsidwa kuti injini ikayaka aitsekere mafuta, aizime, napitirire ndi yotsalayo. Koma ofufuzawo anati usiku uja injini imene inazimidwa inali ya kumanja, yamoyo ija. Yoyakayo inali itafa kale, tsono ndege inatsala yopanda mphamvu konse.

Munthu uja tisamuweruze, ife amene tikambirana izi titakhala pamthunzi masana. Kunali mdima, pansi panali nyanja, ndipo nthawi yoganiza inali yocepa ngati ya kuphethira kwa diso. Ofufuza omwewo anati anali wotopa, pakuti dzulo lace anali atabwera nao anyamatawo kucokera ku Mauritius. Anatinso cipangizo comcenjeza sicinagwire bwino nchito. Iye anacita cimene anayesa kuti cidzapulumutsa anthu ace, nafa nao pamodzi. Ife ticita cinthu comweco masana, tiri ndi masabata oganiza, ndipo tiribe cowiringula cace.

Pa Mateyu 5 Ambuye atiuza za kudula dzanja ndi kukolowola diso. Ndi mau owawa, koma yang'anani kuti dzanja loyenera kudulidwa ndi limene likucimwitsa, si linzace iai. Ndipo apa ndi pamene ambiri agwa. Mnyamata acoka ku Katete kapena ku Petauke, nakhala m'kacipinda ka lendi ku Kanyama. Nchito itha. Ndalama zicepa, ndipo aona kuti ayenera kusiyako zina. Asiya ciani? Asiya kunka ku mapemphero, ati alibe nsapato ndi copereka. Asiya kulankhula ndi amace kumudzi, ati acita manyazi. Asiya mnzace uja amene amamdzudzula. Koma kacasu sausiya, ndipo juga saileka. Moto uli kumanzere, iye azima kumanja. Ndipo pomwe agwa adabwa, nati Mulungu wanditaya.

Momwemonso mai amene mwana wace wamwalira ndi kolera m'nyengo ya dzinja, monga anamwalira ambiri mu Lusaka kumayambiriro a 2024, pamene bwalo latsopano la National Heroes Stadium, loyandikana ndi manda aja, linasanduka cipatala. Cisoni cace ncoona, ndipo palibe womletsa kulira. Koma wina amtsogolera kwa sing'anga, sing'anga naloza apongozi ace. Ndipo mai uja adana ndi nkhalamba imene inali kumtungira madzi ndi kumphikira phala, naleka kusonkhana ndi amai anzace a mumpingo, ati andiseka. Madzi a pacitsime cosazama amene anadwalitsa mwana ali pomwepo, ana otsala namwabe. Kumudzi nakonso, mvula ikakana monga inakanira caka comweco, bambo acotsa mwana wamkazi pa sukulu namkwatitsa, kuti pakamwa pacepe, koma iye mwini sasowa pa mowa tsiku ndi limodzi lomwe.

Za kutopa ndinenepo pang'ono, pakuti ife Akristu sitikuyesa kanthu. Mneneri Eliya, pothawa Yezebeli, anagona pansi pa mtengo m'cipululu napempha kufa, monga muwerenga pa 1 Mafumu 19. Mulungu sanayambe ndi kumlalikira. Anamlola agone, namdyetsa mkate ndi madzi kawiri, ndipo pambuyo pace ndi pamene analankhula naye. Munthu wotopa, wanjala, wokwiya, saona bwino kumene kuli moto. Cifukwa cace mau akuti ndikusudzula, ndaturuka mumpingo, sindidzapondanso pakhomo pako, asanenedwe usiku. Gona, idya, kuce, ukafunse mkuru wa mpingo kapena atsibweni ako, pakuti wokhala pambali aona utsi kumene ucokera. Ndipo inu akuru, muli nalo gawo lanu. Pa Brazzaville bvuto linaoneka ndege iri pansi, pamene kunali kotheka kuima. Kangati mwaona banja lirinkufuka utsi, inu nimuti ulendo upitirire, adzakonza okha?

Pa 12 February 2012, mu mzinda womwewo wa Libreville, anyamata ena a Zambia anapambana Ivory Coast natenga cikho ca Afrika, atayamba anka kugombe kuja kukaika maluwa. Dziko lonse linabvina, ndipo kunali koyenera. Koma cikho sicibwezera mwana atate wace.

Tsono mwezi uno akuru a mpingo uli wonse alembe maina a iwo amene sanaoneke pa mapemphero kuyambira Krisimasi, nawayendere awiri awiri; ndipo asanafunse cifukwa cace sabwera, ayambe afunsa ngati m'nyumbamo mwadyedwa kanthu, ndi ngati munthuyo agona tulo. Inu makolo amene muli ndi ana m'makomboni a Lusaka, polankhula nao pa foni musafunse za ndalama zokha. Funsani kumene apemphera, ndi dzina la mbusa wao. Ndipo pa Sabata loyandikira 27 April, muchule m'pemphero akazi amasiye ndi ana a anthu 30 aja, amene tsopano akula, ena ali ndi ana ao.